Masilaidi a agogo asaolere m'bokosi

Ana anga, ndi inu adzukulu amene foni sichoka m'manja, pali ntchito imene ndikufuna ndikusenzeni. Ndi yoyenera inuyo, chifukwa maso anu akadali akuthwa ndipo zala zanu sizinjenjemera. M'nyumba zina, makamaka za amene adali aphunzitsi, abusa, alangizi a zaulimi, azachipatala, kapena amene adapitako kunja kukaphunzira, mumapezeka timabokosi todzaza ndi timafelemu ta katoni kapena ta pulasitiki, masentimita 5 uku ndi uku. Pakati pa kafelemu kalikonse pali kafilimu kooneka kakuda. Mukakakweza kuloza kowala mumaona anthu ang'onoang'ono m'mitundu yawo yeniyeni, ali pakhomo la tchalitchi kapena m'munda wa thonje. Amenewo ndiwo masilaidi. Musawasokoneze ndi negetivu, imene imaonetsa choyera chili chakuda ndipo ankatsukirapo zithunzi zambiri za papepala. Silaidi ndi chithunzi chomalizidwa, ndipo kawirikawiri chimakhala chimodzi chokhacho. Filimu imene idali m'kamera tsiku limenelo ndi yomweyo mwaigwirayo. Ikawonongeka palibenso kwina kokaitenga.

Filimu imafuna malo ozizira, ouma ndi amdima. Mdima tili nawo m'masutikesi a pansi pa bedi, koma zina ziwirizo n'zosowa. Mvula ikayamba mu Novembala mpaka kudzafika Epulo chinyezi chimalowa paliponse, ndipo chithunzicho chimakhala m'kachikuto kopyapyala ka jelatini, kamene ndi ndiwo ya nkhungu. Mukaona timizere tonga mizu ya udzu titayanga pankhope za anthu, dziwani kuti nkhungu idayamba kale kudya. Mphemvu nazo zimakonda katoni ndi guluu wake, ndipo za chiswe sindichita kukuuzani. Kumadera otentha monga Nsanje, Salima ndi Karonga utoto umafwifwa msanga kuposa ku Dedza. Mukatsegula bokosi n'kumva fungo la viniga, ndiye kuti pulasitiki ya filimuyo yayamba kuwola. Imeneyo siichira, ndipo mpweya wakewo umafulumizitsa zinzake kuwonongeka, choncho ipatuleni tsiku lomwelo.

Musanajambule chilichonse, werengani dzina lolembedwa pa kafelemu. Likhoza kukhala Kodachrome, Ektachrome, Agfa kapena Fuji, ndipo dzinalo likuuzani poyambira. Kodachrome, imene kampani ya Kodak idatulutsa mu 1935, imapirira kwambiri ikasungidwa mumdima: masilaidi a m'ma 1960 ambiri akadali owala mpaka lero. Ektachrome ndi Agfa zakale sizitero. Utoto wake wina umatha msanga, chithunzi chonse n'kutsala chofiira, thambo lofiira, nyanja yofiira, mtengo wofiira. Muyambe ndi zofiirazo pamodzi ndi zankhungu, chifukwa ndizo zili kumapazi. Kodachrome ingadikireko pang'ono. Ndipo musaganize kuti mudzapeza pulojekita n'kumaonetsera pakhoma monga ankachitira eni ake. Kodak idasiya kupanga pulojekita yake yotchuka ya Carousel mu 2004, idasiya Kodachrome mu 2009, ndipo malo omaliza padziko lonse otsukira filimu imeneyi, m'tauni ya Parsons ku Kansas, adasiya kulandira filimuyi kumapeto kwa 2010. Mababu a mapulojekita ndi ovuta kupeza. Kuwonjezera apo, Kodachrome yopirira mumdimayo imafwifwa msanga ikamawombedwa ndi kuwala kwa pulojekita.

Ndikudziwa chimene mundiuze: tilibe makina. Mawu amenewa awononga zithunzi zambiri kuposa chiswe. Munthu amati ndidzagula sikana ndalama zikadzapezeka, ndalamazo zikabwera zimapeza fizi, feteleza ndi maliro zikuzidikira, bokosi lili pansi pa bedi likumwa chinyezi chaka ndi chaka. N'zoona, makina abwino alipo. Epson V600 imatenga masilaidi anayi nthawi imodzi, Plustek OpticFilm imatenga imodzi imodzi koma imaona bwino kwambiri, ndipo Nikon Coolscan, imene idasiya kupangidwa kalekale, anthu akulimbiranabe yogwiritsidwa kale ntchito. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London woti angabwereke, abwereke. Koma sikana wamba ya muofesi, ija mumaikapo satifiketi, singathe ntchito imeneyi, chifukwa imawalitsa kuchokera pansi pomwe ikuonera, pamene silaidi imafuna kuwala kodutsa kuchokera kuseri. Mungotulutsapo kachidutswa kakuda. Palinso timakina totsika mtengo tolembedwa manambala akuluakulu pabokosi. M'kati mwake mumangokhala kakamera kakang'ono ndi kagetsi, ndipo kawirikawiri kamera ya foni yabwino imakaposa. Ndalama zanu zisapite kumeneko.

Chimene mukufuna ndi mafoni awiri, bokosi la nsapato, mpeni wakuthwa ndi chipinda choti mungatseke makatani. Foni imodzi ikhala nyali. Itsegulireni tsamba loyera lopanda cholembedwa, mukweze kuwala mpaka kumapeto, muiletse kuzima yokha, muigoneke chagada m'bokosi. Pachivundikiro cha bokosilo bowolani kazenera koposa pang'ono kukula kwa filimu, imene ndi mamilimita 24 kwa 36, koma kochepera kafelemu kuti silaidi isagwere m'kati. Matani timizere tiwiri ta katoni m'mbali mwa kazeneraka kuti silaidi iliyonse izikhala pamalo amodzimodzi. Pakati pa foni yowalitsayo ndi silaidi pakhale mpata wa masentimita atatu kapena asanu. Mukazigundanitsa, timadontho ta galasi la foni tidzaonekera pachithunzi. Amene alibe foni yachiwiri atenge babu ya LED, aitchinge ndi pulasitiki yoyera yosaonekera mkati, monga yodula ku chigubu chotsuka bwino, kuti kuwala kufalikire mofanana. Kandulo ndi koloboyi ayi: kuwala kwake ndi kwachikasu, kumagwedezeka, ndipo kutentha kumapinda filimu. Ubwino wina wa foni ndi woti magetsi akazima ntchito siima.

Foni yojambulira ikhale pamwamba, yogonekedwa pa mabuku osanjikiza mbali ziwiri kapena pa kabokosi kena kobowola pa lenzi. Isagwiridwe m'manja. Iyenera kuyang'anizana ndi silaidi ndendende, osapendekeka, apo ayi mbali imodzi ya chithunzi idzaoneka bwino inayo ili mbuu. Njira yake ndi yapafupi: ikani kagalasi kodziyang'anira pamalo pa silaidi, musunthe foni mpaka lenzi yake idzione yokha pakati penipeni pa chithunzi. Ikatero yawongoka, musaikhudzenso. Pukutani lenzi, zimitsani kagetsi kong'anima, tsekani makatani, ndipo phimbani paliponse pamene kuwala kukuthawira m'mbali, chifukwa kuwala kotayikako kumasungunula zakuda za m'chithunzi. Dinani pafilimu n'kugwiriza chala kuti kamera ikhazikike pamenepo, kenako tsitsani kuwala pang'ono mpaka malaya oyera ayambe kuonetsa makwinya ake. Silaidi ikapserera poyera sibwezeka, pamene pakuda mungadzapakweze pambuyo pake. Gwiritsani ntchito kawotchi ka kamera, masekondi awiri kapena atatu, kuti chala chanu chisagwedeze foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Silaidi yoyamba idzakudyerani madzulo onse, koma bokosi likakhazikika zotsalazo zimangoyenda.

Vuto la foni ndi loti siiona bwino chinthu chapafupi kwambiri. Mafoni ambiri amayamba kuona mbuu mukafika pafupi kuposa masentimita 8 kapena 10, ndiye silaidi imatenga kagawo kochepa ka chithunzi chonse. Musakokere ndi zala kuti ikule, kumeneko n'kungotambasula timadontho tomwe tija. Tiwerengere limodzi. Kamera ya timadontho mamiliyoni 12, silaidi itatenga gawo limodzi mwa magawo anayi, ikupatsani mamiliyoni atatu. Chithunzi cha papepala cha masentimita 10 kwa 15, chija timaika mu alubamu, chimafuna timadontho 1200 kwa 1800, kungopitirira pang'ono mamiliyoni awiri. Ndiye kuti foni yokhayo yakwanira kale alubamu ndi kuonera pa TV. Mukafuna zoposa apo, pali timalenzi topanira pafoni toonera zapafupi, ndipo ngakhale galasi lokuzira zilembo limathandiza, kungoti m'mphepete mumapindika. Masilaidi ochepa amene ndi amtengo wapatali, monga a ukwati wa agogo kapena chithunzi chokhacho cha munthu amene adatisiya, amenewo apatuleni. Pitani nawo kwa wojambula maukwati amene ali ndi kamera yaikulu ndi lenzi yoonera pafupi, mupite ndi bokosi lanu la nsapato lomwelo, mumulipire ola limodzi pakati pa sabata pamene alibe ntchito. Mukhale pomwepo akamajambula. Masilaidi sagonera kwa munthu.

Pa kutsuka ndikhale wouma pakamwa. Madzi ayi, malovu ayi, sipiliti ayi, nsonga ya chitenje kapena ya malaya ayi. Nkhungu ikadya jelatini imaifewetsa moti dontho la madzi limachotsa nkhope yonse. Gwirani silaidi pa kafelemu pokha. Fumbi lichotseni ndi kamphira kopemerera mpweya kapena burashi yofewa yatsopano, yosagwirapo mafuta kapena phauda. Pakamwa musauzire, mpweya wa munthu uli ndi chinyezi. Silaidi yankhungu ijambuleni momwe iliri kaye, timizere take tili pomwepo, chifukwa chithunzi chamawanga chiposa chithunzi chimene chatsukika n'kutha. Zina mudzapeza zili pakati pa timagalasi tiwiri. Nthawi zambiri litsiro limakhala pagalasipo, osati pafilimu, koma musatsegule musanajambule, ndipo ngati filimu yamatirira kugalasi isiyeni.

Silaidi ili ndi mbali ziwiri, yonyezimira ndi yosanyezimira. Yonyezimira iyang'ane kamera. Mukatembenuza, dziko lonse limatembenuka: zolembedwa pasitolo zimawerengeka chobwerera, ndipo galimoto ya kuno, imene chiwongolero chake chili kumanja, imaoneka ngati ya ku America. Ngati mulinso ndi ma negetivu a kusitudiyo, bokosi lomwelo ligwira ntchito, kungoti mudzafunika kutembenuza mitundu pakompyuta kapena pafoni, ndipo a mitundu amavutirapo chifukwa filimu yake ndi ya olenji.

Zofiira zija zimakonzeka ndithu, ngakhale si zonse. Mapulogalamu aulere monga Snapseed pafoni ndi GIMP pakompyuta amakulolani kuloza chinthu chimene mukudziwa kuti chidali choyera kapena chotuwa, kolala ya abusa kapena khoma la laimu, mitundu ina n'kutsatira. Konzani pa kope lachiwiri, choyambacho chikhale chosakhudzidwa, chifukwa dzanja lanu la chaka chamawa lidzaposa la lero. Koma pali mapulogalamu ena amakono amene ndikukuletsani. Mumawapatsa nkhope yosaoneka bwino, iwo n'kukubwezerani nkhope yosalala, mano oyera, maso owala. Musanyengedwe kuti akonza. Iwo sadawaonepo agogo anu, amangopeka nkhope kuchokera ku nkhope za anthu ena ambirimbiri. Mphini za pamasaya amaziyesa zokanda n'kuzifufuta, mpata wa m'mano amautseka, khungu amaliyeretsa. Pakapita zaka makumi awiri mwana adzakula akuti awa ndiwo adali agogo, pamene ndi munthu amene sadakhaleko. Ngati mukufuna kusewera nazo, sewerani, koma chithunzi choterocho chisalowe m'nkhokwe ya banja.

Tsono zonse ndanenazi ndi gawo lopepuka. Bokosi la nsapato mudzalipanga tsiku lililonse, foni ya chaka chamawa idzaposa ya lero. Chimene chikutha msanga kuposa utoto wa Agfa ndi anthu odziwa amene ali pazithunzipo. Chithunzi cha amayi asanu ndi awiri atakhala pamkeka, chopanda dzina ngakhale limodzi, ndi chokongola koma si cha banja lanunso. N'chifukwa chake ndikuti musadikire kumaliza bokosi lonse. Mukajambula makumi awiri, nyamukani mupite kwa agogo, kwa azakhali, kwa amalume aakulu, muwaonetse pa galasi lalikulu limene mungapeze, laputopu kapena TV, chifukwa pafoni maso awo sangaone. Pemphani kaye, kenako tsegulani chojambulira mawu, muchiike pambali. Musawathamangitse ndi mafunso. Munthu wamkulu sayamba ndi dzina. Ayamba ndi kuseka kapena kukhala chete, kenako akuuzani za diresi, kuti nsalu yake idagulidwa ndi ndalama za mtedza, kenako za amene adasoka, dzina la mwini diresi lidzabwera pambuyo. Zapanjirazo ndizo chuma chenicheni. Funsani dzina la ubatizo ndi la kumudzi lomwe, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, ndi ubale wake kwa inu. Akuluakulu awiri akatsutsana, wina akuti ndi ku Malosa wina akuti ndi ku Likwenu, lembani zonse ziwiri ndi dzina la amene wanena. Musaweruze.

Pakhale kope limodzi la ntchito imeneyi. Silaidi iliyonse ipatseni nambala, yolemba ndi pensulo pa kafelemu, nambala yomweyo ikhale m'kope ndi pa dzina la chithunzi cha m'foni, motsatana ndi chaka ndi malo. Musasokoneze m'ndandanda umene mwini wake adasiya m'bokosi, chifukwa nthawi zambiri umatsata ulendo kapena chaka. Zimene adalemba pa kafelemu zijambuleninso. Masilaidi ambiri a Kodak ali ndi mwezi ndi chaka chodindidwa, koma limenelo ndi tsiku lotsukira. Kodachrome ankachita kuitumiza kunja pa positi, ndipo filimu imodzi inkatha kukhala m'kamera kuyambira Khirisimasi mpaka nthawi yokolola, ndiye chochitikacho chingakhale cha miyezi ingapo m'mbuyo. Popanda chidindo, chithunzi chimadziulula chokha. Mitengo ya katundu yolembedwa m'mapaundi ndi mashiling'i ndi ya nthawi imene kwacha isanabwere mu 1971. Mbendera ya dzuwa lotuluka siingaoneke pa ofesi ya boma chisanafike chaka cha 1964. Chikwangwani cha Fort Johnston kapena Port Herald chikukuuzani kuti Mangochi ndi Nsanje adali asanatenge mayina amenewa, ndipo basi yolembedwa Salisbury ndi ya Harare isanatchedwe Harare mu 1982. Mayi wovala buluku pamsewu wa mu Blantyre ndi wokayikitsa pakati pa 1973 ndi 1993, pamene lamulo la kavalidwe linkaletsa zimenezo.

Si chilichonse chimene mwapeza chiyenera kupita pa Facebook. Ambiri amene ankajambula masilaidi adali ndi mphamvu pa amene ankajambulidwa: dokotala ndi wodwala, mphunzitsi ndi mwana wa sukulu, mlendo ndi anthu a m'mudzi amene sakanatha kukana. Mudzapeza odwala ali pabedi, maliro, anamwali, mwinanso za kudambwe zimene eni ake sadafune kuti zionedwe ndi aliyense. Zijambuleni kuti zisatayike, koma kuzionetsa pagulu mufunse kaye eni mbumba, ndipo akakana, akana. Mudzapezanso nkhope ya munthu amene banja silimutchula. Pamenepo musathamangire ku gulu la WhatsApp la banja kukafunsa kuti awa ndani. Funsani munthu wamkulu mmodzi, pambali.

Pa kusunga, foni si nkhokwe. Imabedwa m'minibasi, imagwera m'madzi, imafa yokha. Zithunzi zikhale malo atatu: pakompyuta kapena pa memore khadi kunyumba, pa fulashi imene ili m'nyumba ya m'bale wina kutali, ndi pa intaneti. Sizilemera monga mukuopera. Chithunzi chimodzi chikakhala cha 5 MB, masilaidi 500 ndi 2.5 GB, pamene Google imapereka 15 GB mwaulere. Kungoti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa, ndiye muziitsegula, ndipo mawu ake achinsinsi adziwike kwa anthu awiri, osati mmodzi. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati dokyumenti. Mukatumiza ngati chithunzi wamba imachifinya, ndipo chikadutsa m'mafoni anayi nkhope zimakhala zitasungunuka. Zabwino kwambiri makumi awiri kapena atatu zitsukitseni papepala, mulembe mayina kuseri ndi pensulo, mugawire nyumba zingapo. Pepala silifuna batire.

Masilaidi eni akewo musataye, ngakhale mutajambula bwino chotani. Madisiki amene tinkasungira makalata m'ma 1990 lero n'kovuta kupeza kompyuta yowalowetsa, ma CD ambiri adakanda kapena adafa, koma silaidi ya 1962 mukuiona ndi maso anu popanda makina alionse, ndipo mdzukulu wanu adzakhala ndi chojambulira choposa chanu. Aikeni m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, tsiku louma la mu Ogasiti kapena Seputembala, osati la mvula, kuti musatsekeremo chinyezi. Ponyanimo timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, muzitisintha. Chidebecho chikhale pa shelefu ya chipinda chozizira, osati kudenga pansi pa malata, osati pansi pa simenti, osati kukhitchini. Ankhungu ndi onunkha viniga akhale m'chidebe chawochawo.

Inu amene muli ku Britain ndi mayiko ena, ntchito yanu ili ndi mbali ina. Masilaidi ambiri a dziko lino sali kuno. Amishoni a ku Scotland ndi kwina ankawajambula kuti akaonetse mipingo ya kwawo akapita kutchuthi, ndipo aphunzitsi, madokotala ndi anyamata a Peace Corps amene adayamba kubwera m'ma 1960 adabwerera nawo kwawo. Eni akewo tsopano ndi okalamba, ndipo ana awo akamasesa nyumba sadziwa kuti phiri ili ndi Mulanje kapena Zomba. Mukakumana ndi wokalamba kutchalitchi amene akuti adaphunzitsapo ku Livingstonia kapena ku Blantyre, mufunseni mwaulemu ngati ali ndi masilaidi, mupemphe kujambula, mutumize kuno kuti a kumudzi atchule mayina. Iye ali ndi nkhope, ife tili ndi mayina, ndipo mbali zonse ziwiri nthawi yatha.

Zina mudzapeza si za banja lokha: msika umene udagwetsedwa, sitima ya Ilala ili padoko, Lilongwe akumumanga kuti akhale likulu mu 1975. Zoterezi musazitsekere m'foni mwanu. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, ndipo ku Mandala House mu Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, imene imasunga zithunzi zakale za dziko lino. Banja likagwirizana, kawafunseni ngati angalandire makope. Osunga mbiri amafuna kudziwa amene adajambula, malo ndi chaka, ndiye popita musasiye kope la manambala lija.